Amalume Obwereka

Tsiku limene mwana wanga anandiuza kuti wapeza mwamuna womanga naye banja, ine sindinaimbe nthungululu. Ndinali pakhonde ndikuswa mtedza, ndipo ndinangosiya kuswako. Iye ankadikira kuti ndimufunse za mnyamatayo, kaya amagwira ntchito yanji, kaya amapemphera kuti, koma chimene chinandituluka m'kamwa ndi chakuti, "Kwawoko ali ndi anthu ambiri?"

"Ambiri zedi, amayi," anatero akuseka. "Mudzi wawo uli kufupi ndi ku Mkaika. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi akuluampingo, ndipo onsewo amalima thonje."

Anthu ambiriwo ndiwo ndinkaopa, chifukwa ine ndilibe anthu. Ndinabadwira tsidya la malire, ku Mozambique. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, nthawi imene anthu ankathawa nkhondo, ndipo ndinakulira m'makomo mwa eni. Nditakwatiwa ndinaganiza kuti ndapuma, koma amuna anga sanakhalitse. Atangoikidwa, achibale awo anandilanda munda ndi kundiuza kuti ndizipita kwathu, ngati kuti kwathuko ankakudziwa. Ndinabereka mwana kumsana, n'kutsatira amayi ena amene ankapita ndi malonda ku Vubwi, kuno ku Zambia.

Malire a kwathu kuno si chinthu choti munthu n'kuchiona. Ndi kanjira chabe kodutsa pakati pa minda, chimanga cha uku n'chimodzimodzi ndi cha uko, ndipo chiyankhulo n'chomwechi. Koma ukangodumpha kanjirako dzina lako limasintha, umakhala wobwera. Pachitsime amakupatsa moni bwinobwino, koma ukatembenuka amafunsana kuti, "Kodi ameneyu ndi wa kwa yani?" Funso limeneli lakhala likunditsata moyo wanga wonse.

Amene ananditola ndi gulu la obwera anzanga. M'mapepala a boma limatchedwa kopaletivu, koma ife timangoti gulu. Analiyambitsa ndi anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amene anatopa ndi kuvutika aliyense payekha. Lilibe bwana. Timakumana pashedi pamene pali makina oswera mtedza, wapampando timamusankha tokha, ndipo akayamba matama timamutsitsa tokha. Wobwera kumene amamubwereka mbewu, amamusonyeza njira ya kuchipatala, amamuperekeza ku maofesi kuti asakachite chibwibwi, ndipo mtedza wake amaugulitsira pamodzi ndi wa onse kuti ogula asamubere pasikelo.

Koma lamulo lalikulu la gulu si la mtedza. Kuno munthu sadziyankhulira yekha. Ukafuna malo olima, ukapalamula mlandu, ukadwala, mwana wako akafuna kukwatiwa, pamafunika mlongo wako wamwamuna, mwini mbumba, woti akaime m'malo mwako. Wobwera amutenga kuti? Choncho gulu linapangana kuti aliyense wolowa azipatsidwa m'bale. Amakukhazika pamphasa pakati pa anthu, wapampando n'kufunsa kuti, "Uyu ndi wa yani?" Ndiye mmodzi mwa mamembala amaimirira n'kunena kuti ndi wake.

Tsiku langa litafika, palibe mwa mamembala amene anaimirira msanga. Sindikuwada. Ndinali wowonda, nkhope yolusa, mwana akulira kumsana, ndipo ndinali nditayambana kale ndi amayi awiri pachitsime. Ndinayang'ana pansi ndikudziuza kuti ngakhale kuno andikana. Kenaka kumbuyo kunamveka kukhosomola. Anaimirira bambo wina wamfupi, wadazi, nyundo ili m'manja chifukwa anabwera ku msonkhano kuchokera pantchito.

"Uyu ndi mlongo wanga," anatero. "Ukali umenewu ndi wa kwathu."

Anthu anaseka, ine ndinalira. Bamboyo anali wokhoma ndowa, wochokera cha ku Mchinji. Anabwera ku Zambia ali mnyamata, atatumidwa ndi amayi ake kudzafunafuna mkulu wa amayiwo amene anatengedwa chitengwa kalekale n'kungoti zii. Anayendayenda m'minda ya fodya, sanawapeze, ndipo anachita manyazi kubwerera chimanjamanja. Pamene ankadzamva kuti amayi ake anamwalira n'kuti zaka zitapita. Mkazi anali naye, koma anamwalira osamusiyira mwana. Nkhani imeneyi ankaikamba kawirikawiri, mwakuti ine ndinaleka kuimvetsera.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti alongo, mwana wanga n'kumati amalume. Ndiwo anakandipemphera dimba. Mwana atadwala malungo ndiwo anamukweza panjinga. Kusukulu akaitana makolo, ankavala jekete lawo lotuwa n'kupita. Nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, ndipo m'mawa uliwonse chimene chimandidzutsa si tambala, koma nyundo yawo pa lata, ko! ko! ko! Ndawakalipira kosawerengeka chifukwa cha phokoso limeneli. Iwonso amandiyankha kuti pakamwa panga mpoposa nyundo. Timayambana ngati anthu obadwa m'nyumba imodzi, ndipo kwa zaka zambiri sindinkakumbukira n'komwe kuti ndinachita kupatsidwa.

Anandikumbutsa ndi amayi ake a mnyamata uja. Mwana wanga amasoka zovala pamsika wa ku Katete, mnyamatayo amaphunzitsa cha ku Sinda, ndiye anakonza zoti ife amayi awiri tionane ku Katete komweko nkhani isanafike kwa amuna. Ndinanyamuka m'mawa pagalimoto yodzaza matumba, kudzera ku Chadiza, ndipo ndinafika fumbi lili m'nsidze. Mayiyo ndinamupeza atakhala pakhonde la sitolo, wamagalasi, chikwama chili pamiyendo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ankayang'ana munthu ngati akumuchonga. Anandigulira chakumwa chozizira, tinacheza za mvula ndi za mitengo ya feteleza, kenaka anafika pamene ankafuna.

"Ine ndinene sitireti, amake mwana," anatero. "Mwana wanu ndamukonda, ali ndi ulemu. Koma pa famili pathu tinapsapo kale. Mwana wanga woyamba anatola mkazi ku migodi, wopanda kwawo. Atayamba kuvutana, tinasowa khomo logogoda. Mpaka lero adzukulu anga sindidziwa kumene ali. Ndiye ndinalumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso. Alongo anu alipo?"

"Alipo," ndinayankha msanga.

"Bere limodzi?"

Apa mpamene ndikanati ndifotokoze za gulu, za mphasa ija, ndi za bambo amene anaimirira ndi nyundo m'manja. Koma ndinayang'ana magalasi aja, ndinaganiza za mwana wanga amene ankatisuzumira ali pamakina ake patsidya pa msewu, ndipo ndinachita mantha. Ndinagwedeza mutu kuvomera, botolo lili pakamwa. Mayiyo anapumira m'mwamba n'kuti, "Basi, ndiye zili bwino. Alongo anga abwera kudzaonana ndi anu mukatha kukolola."

Pobwerera sindinaone n'komwe njira. Nditafika ndinapita molunjika kwa alongo, n'kuwapeza akukhoma pansi pa ndowa ya munthu. Ndinawalanda nyundo kuti andimve.

"Akabwera adzakufunsani za mtundu wathu," ndinatero. "Musadzatchule za gulu. Mudzanene kuti ine ndi inu tinayamwa bere limodzi, kungoti ine ndinakulira ku Mozambique."

"Nanga akafunsa za amayi athu, nditchule a yani? Anu sindikuwadziwa."

"Ngakhale ine sindikuwadziwa bwino. Mudzatchule anu. Za kwanu mumazidziwa ngati pemphero, simungapunthwe."

"Mlongo wanga, ine kunama sindikutha. Ndikanama khutu limandiyabwa."

"Lidzayabwe! Mudzalikanda alendo atapita."

Ndinkaona ngati ndachenjera. Ndinkati bodza lokhala ndi mayina enieni a anthu ndi a midzi silingagwe. Wapampando wa gulu chaka chimenecho anali mayi wina wa ku Malawi, wogulitsa tomato, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Atamva zimenezi anandidzudzula. Anati gulu silinachitepo manyazi ndi lamulo lake, ndipo maukwati angapo amangidwa ndi amalume opatsidwa popanda kubisa. Ndinamuyankha kuti maukwati amenewo anali a obwera okhaokha, osati a ana a aphunzitsi. Mwana wanganso anabwera kumapeto a sabata n'kundichonderera kuti amuuze mnyamatayo zoona. Kwa iye amalume anali amalume basi, sankaona chobisa. Ndinamuopseza kuti akatsegula pakamwa ndidzamukana. Analira, koma anandimvera.

Masabata otsatirawo ndinaonda. Chakudya sichinkalowa. Ndikamva njinga yamoto ikuima pamsewu ndinkati ndi uthenga woti adziwa. Madzulo aliwonse ndinkawayesa alongo mafunso ngati mwana wa sukulu, ndipo nthawi zonse ankayamba bwino n'kuthera ku nkhani za ubwana wawo. Vuto lawo ndi limenelo, akachita mantha amayankhula kwambiri. Ndinawauza kuti adzayankhe zimene afunsidwa zokha, ndipo analonjeza.

Alendo anabwera Loweruka lina m'nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Gulu lonse linadzuka m'mamawa. Ena anasesa bwalo, ena anabweretsa mbale zawo zabwino, wina anapereka nkhuku, ndipo mipando tinatenga ya pashedi. Pansi pa mtengo wa mango tinaika mipando ingapo mbali ya alendo, ndi mpando umodzi mbali yathu. Mpando umodziwo unali wokha moyang'anizana ndi inzake.

Galimoto inaima chakumasana. Munatsika amuna atatu. Wotsogolera anali amalume ake a mnyamata, mlongo wa mayi wamagalasi uja, munthu wamkulu thupi, wa imvi, wa ndodo ndi chipewa, woyenda pang'onopang'ono ngati akulowa m'tchalitchi. Alongo anga anawalandira atavala jekete lotuwa lija. Pafupi ndi alendowo ankaoneka ngati mwana wotumidwa. Nkhani ya ankhoswe akazi sitikhalapo, choncho ine ndi wapampando tinakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, kukhitchini, makutu ali kubwalo. Mwana wanga anali m'nyumba.

Poyamba zinayenda bwino. Analonjerana, anafunsana za ulendo, za zokolola, za matenda a nkhumba. Kenaka mkulu wa ndodo uja anakonza pakhosi.

"Tisanafike pa chimene tadzera, tidziwane kaye," anatero. "Kuno kumalire anthu tinasakanikirana. Inu ndinu a kwa yani?"

Alongo anatchula mudzi wawo ndi mfunda wawo. Akanalekera pomwepo! Koma ndinamva mawu awo akuyamba kuthamanga, ndipo ndinadziwa kuti lonjezo lija laiwalika. Anafotokoza za phiri limene lili kuseri kwa mudziwo, za mtsinje umene ankasamba, za amayi awo ndi dzina lawo. Anafika mpaka kwa agogo awo aakazi, woumba mbiya wodziwika dera lonselo, amene anali ndi kachala kowonjezera kudzanja lamanzere. Ndinatsina wapampando pamkono chifukwa cha mkwiyo, iye n'kundimenya dzanja.

Nditasuzumira pakati pa udzu ndinaona mkulu uja atavula chipewa.

"Woumba mbiyayo," anafunsa pang'onopang'ono, "anabereka ana aakazi angati?"

"Awiri. Wamng'ono ndiye amayi anga. Wamkulu anatengedwa chitengwa kubwera kuno ku Zambia ine ndisanabadwe. Ndiye amene ndinadzera kuno, koma sindinawapeze."

"Dzina lawo?"

Alongo anatchula dzinalo. Ndodo ya mkulu uja inagwa pansi.

"Amenewo ndi amayi anga," anatero. "Anamwalira akutchula mng'ono wawo. Ankatiuza za kachala ka agogo tikamakana kudya."

Sindinaonepo amuna achikulire akulira chotero. Anakumbatirana, wamkulu ndi wamfupi, jekete lotuwa litakwiririka m'mikono ya mlendo. Alongo ankangoti, "Akulu anga, akulu anga," ngati mwana. Amayi amene ankaphika anayamba nthungululu. Wapampando naye anatsegula pakamwa kuti aimbe, koma atandiyang'ana anatseka. Ine sindinaimbe nawo, chifukwa ndinali nditaona kale kumene nkhaniyi ikupita.

Kwathu kuno ana a mlongo ndi mlongo wake ndi asuweni, angathe kukwatirana. Koma ana a akazi awiri apachibale ndi pachibale penipeni, ngati obadwa m'mimba imodzi. Ngati alongo anga ndi mkulu uyu amayi awo anali munthu ndi mng'ono wake, ndiye kuti iwo ndi pachibale, ndipo mayi wamagalasi uja ndi mlongo wawo. Ndipo ngati ine ndinayamwa bere limodzi ndi alongo, monga ndinanenera, ndiye kuti mayi ujanso ndi mkulu wanga. Mwana wake ndi mwana wanga ndiye kuti ndi munthu ndi mlongo wake. Walira mvula walira matope. Mtundu umene ndinabwereka kuti umange ukwati ndi womwewo umene unali kuupha.

Sipanatenge nthawi kuti mkulu uja afikepo. Atapukuta misozi anakhala pansi n'kukweza dzanja.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero. "Watipulumutsa ku chinthu chonyansa. Ana awa ndi amodzi, ukwati palibe. Tinabwera kudzafunsira mbeta, tapeza mbumba yathu. Muitaneni mlongo wathuyo, ndimuone."

Ananditulutsa kuseri kwa mpanda. Ndinagwada pafupi ndi mipando, koma mkuluyo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti mphuno yanga ndi ya amayi ake. Anati, "Mlongo wanga, wavutika nthawi yaitali. Kumudzi kuli malo, kuli abale ako, udzabwere udzaone manda a amayi ako aakulu." Palibe munthu anali atandiyankhulapo choncho chibadwire. Mudzi wathunthu, umene ndakhala ndikuulota kuyambira ndili mwana, unali m'manja mwanga. Chimene ndinkafunika kuchita ndi kungokhala chete.

Ndinatembenuza maso n'kuona mwana wanga ataima pakhomo la nyumba. Anali atamva zonse. Anangondiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa, koma ine amene ndimatha kukalipa mpaka agalu kuthawa, mawu anandithera. Ndinkaopa kunena zoona, ndinkaopanso kukhala chete, ndipo ndinangogwada pamenepo.

Ndinamva alongo akukhosomola, kukhosomola komwe kuja kwa pashedi. Ankakanda khutu.

"Akulu anga," anatero, "zoyankhula za mayi uyu ndimayankhula ndine, ndiye mundilole. Uyu si wa bere lathu. Amayi anga sanamubereke. Ndinachita kupatsidwa."

Mkulu uja anasiya dzanja langa. Sanalitaye, anangolisiya, koma ndinamva ngati andivula nsalu pagulu.

"Kupatsidwa ndi yani?"

Alongo anafotokoza za gulu, za mphasa, za funso limene wapampando amafunsa. Ulendo uno sanachulutse mawu. Wapampando anatuluka kuseri kwa mpanda n'kugwada chapatali, n'kuchitira umboni kuti ndi mmene timachitira, ndipo kuti bambo ameneyu sanaphonyepo udindo wake ngakhale tsiku limodzi. Alendo awiri aja ankanong'onezana. Mkuluyo nkhope inali itasintha.

"Ndiye kuti mlongo wanga ananamizidwa ku Katete," anatero.

"Ndinawanamiza ndine," ndinayankha, mawu atabwerera pang'ono. "Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ndilibe kwathu, mumukana mwana wanga. Iye alibe mlandu, ankafuna kunena, ndinamuletsa."

Mkuluyo anagogoda pansi ndi ndodo yake. Kenaka anati, "Ngati zili choncho, magazi palibe, ana angathe kukwatirana. Koma chibale sichibwerekedwa ngati khasu. Chibale ndi fupa, sichiola. Inu mng'ono wanga, mnyamata amene tikumufunsirayu ndi mwana wa mlongo wanu weniweni. Malo anu ndi kuno." Analoza mbali yawo, ndipo mmodzi wa alendo anasuntha mpando wake kuti apereke malo. "Mayiyu akafune nkhoswe ya mtundu wake. Akaipeza tidzabweranso."

Apa ndinadziwa kuti zatha. Nkhoswe ya mtundu wanga ndikanaitenga kuti, kumanda a ku Mozambique amene sindidziwa n'komwe pamene ali? Ndipo ndikanawaletsa bwanji alongo? Munthu anachoka kwawo ali mnyamata kudzafuna anthu amenewa, wakalamba akuwafuna, lero abwera okha pagalimoto n'kumupatsa mpando. Ine ndinali ndani, mkazi wolongolola amene amamulanda nyundo? Sindinathe kuwayang'ana kumaso. Ndinkangoyang'ana mapazi awo, nsapato zawo za matayala zili pafumbi, ndikudikira kuti zisunthe.

Zinasuntha pang'ono. Koma ankangokhala bwino pampando.

"Akulu anga," anatero, "kumeneko mulipo atatu, ndipo kumudzi mwasiyako ena. Kuno ndikanyamuka patsala mpando wokha. Mayi uyu palibe anandikakamiza. Ndinaimirira ndekha pamaso pa anthu n'kunena kuti ndi mlongo wanga, ndipo mwana mukumufunayo wakulira panjinga yanga. Mlongo wanu anati mukufuna khomo logogoda ana akavutana. Khomo lake ndi ilo, lili ndi ndowa panja, simungasochere."

"Mukukana magazi anu?"

"Sindikukana. Ndawafuna moyo wanga wonse. Koma magaziwo mwati saola, ndiye adikira. Uyu ndikamusiya lero alibe wina."

Kuseri kwa mpanda amayi a gulu anali atasiya miphika. Mkulu uja anayang'ana alongo, anayang'ana ine, anayang'ana mwana wanga pakhomo paja. Pomaliza anapukusa mutu.

"Ndiye kuti ana amenewa akayambana, ine ndizidzakangana ndi mng'ono wanga?"

"Tachedwa kale kukangana, akulu anga," alongo anayankha. "Anzathu anayamba ali ana."

Mmodzi wa alendo analephera kudzigwira, anaseka. Mkuluyo anayesa kulimba nkhope, koma naye anagonja. Anavala chipewa chake n'kunena kuti akazi tibwerere kukhitchini, amuna ayambe nkhani imene anadzera. Ndinayenda mpaka kuseri kwa mpanda, ndinakhala pansi pafupi ndi nkhuni. Wapampando anandipatsa madzi n'kundinong'oneza kuti, "Ndinakuuza." Tsiku limenelo lokha sindinamuyankhe.

Nkhani inatha bwino, ngakhale mkuluyo ananenetsa kuti za bodza la ku Katete ndikapepese ndekha kwa mlongo wake, ndipo ndinapitadi. Koma alendo ponyamuka anapempha kuti atenge mng'ono wawo, akaone abale ndi manda a amayi ake aakulu. Panalibe chokanira. Alongo analowa m'nyumba mwawo, anatuluka ndi kachikwama, anakhoma chitseko. Pokwera galimoto sanatembenuke n'komwe, anali kalikiliki kufunsa mayina a ana a akulu awo. Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha.

Anati akakhala masiku ochepa. Sabata inatha, ina n'kutha. M'mawa ndinkadzuka mochedwa chifukwa kunalibe chondidzutsa, ndipo chete ameneyo ankandiopsa kuposa phokoso lililonse. Anthu ankabwera ndi ndowa zobooka n'kubwerera nazo. Mwana wanga anandiimbira foni kuchokera ku Katete kuti wamva zoti kumudziko awaphera mbuzi, awapatsa nyumba, ndipo ana amawazungulira tsiku lonse. Ndinati zili bwino, asangalale. Nditadula foni ndinatukwana nkhuku zimene zinalibe mlandu. Ndinkadziuza kuti mawu a pabwalo aja anali a tsiku limodzi, munthu atakhuta nyama pakati pa abale ake angakumbukirenso khonde la wobwera? Pa msonkhano wa gulu wina anafunsa ngati tiyambe kuganiza zondipatsa m'bale wina, ndipo ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano.

M'mawa wina ndili m'tulo ndinamva, ko! ko! ko! Ndinaganiza kuti ndikulota. Zinamvekanso. Ndinadzuka, ndinamanga chitenje molakwika, ndinathamangira kuseri kwa nyumba wopanda nsapato. Anali atakhala pa kampando kawo, dazi likuwala, atanenepako pang'ono, lata lili pamiyendo. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonzera masiku onsewo, abwino ndi oipa omwe, koma anatuluka amodzi okha.

"Anthu akugona, inu!"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Mlongo wanga," anatero, "ndowa yanu ija ikudonthabe? Kaitengeni."